Kabokosi ka ku Joni kautsa mapiri pachigwa

Kale katundu wa ku Joni ankaoneka ndi maso. Munthu akatsika pa Chingeni kapena pa Mangochi Turn-off, akabaza ankachita kulimbirana poti panali zonyamula: mabulangete onenepa, matilesi, njinga, ndi wayilesi yofuna anthu awiri kuti itsike m'galimoto. Mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wa a Uje wayenda bwino. Masiku ano mphatso imene ili m'kamwa mwa anthu kuyambira ku Ntaja mpaka ku Phalula ndi yoti mukhoza kuibisa m'thumba la malaya. Ndi kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo wosambira, kali ndi rimoti yake ndi tizingwe tiwiri. Kena n'kochepa kuposa pamenepo, konga fulashi yonenepa, kongobaya kuseri kwa TV. Anyamata a m'tauni amati Android box kapena Fire Stick. Anganga ena a ku Nsanama sanafune kudzipweteka lilime, iwo amangoti “kanthu ka mwana uja.”

Kabokosika sikabwera kokha. Transipota asanawoloke n'komwe pa Beitbridge, uthenga wa mawu umakhala utafika kale pa WhatsApp, ndipo umamveka chimodzimodzi ngati onse a ku Joni anakhalirana pansi n'kupangana: “Ndaikamo kale zonse. Mpira, mafilimu, makatuni a ana, zonse zili momwemo. Inu n'kungolumikiza basi.”

Kungolumikiza basi. Mawu awiriwa ndawalondola m'ma tiyirumu, m'mabenchi a ometa, pa bawo ndi pa mjigo, ndipo kulikonse kumene ndawatchula anthu ayamba aseka kaye asanayankhe.

Vuto loyamba limabwera TV isanayatsidwe n'komwe. Pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, onenepa ngati chala, pomwe masoketi athu anatengera a ku Britain, a mano a makona. Timabokosi tina timabwera ndi pulagi ya mano awiri owonda, ndipo apa ndi pamene Amalawi timaonetsa luso lathu: wina amatokosa bowo lapamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni, wina n'kukankha pulagi, mayi ali chapatali kukuwa kuti “mundiotchera nyumba!” Wogulitsa zamagetsi wina pa msika wa Balaka anandiuza akumwetulira kuti iye safunsanso. Akaona munthu wafika atagwira kachingwe m'manja, nkhope ili yodandaula, amangotsitsa adaputa n'kufunsa kuti, “Achimwene ali bwanji ku Joniko?”

Pulagi ikalowa, pamatsala TV. Kabokosi kamafuna bowo lotchedwa HDMI, ndipo TV zathu zija zachimsana, zimene zatumikira mabanja mokhulupirika kuyambira nthawi ya makaseti, zimangodziwa mawaya atatu: wofiira, woyera ndi wachikasu. Bambo wina wa ku Ulongwe anayang'ana kuseri kwa TV yake masiku awiri, kenako anatenga matumba a nandolo amene ankasungira kuti mtengo ukwere, n'kukagula pulazima. Anzake a pa bawo sanamusiye. Mmodzi anati, “Mlamu wanuyo ngochenjera. Wakupatsani goli, ng'ombe mugule nokha.” Bamboyo anayankha kuti pulazimayo ankaifuna kale. Onse anavomera ndi mitu, monga timachitira munthu akamanama bodza losapweteka aliyense.

Komatu goli ndi ng'ombe si mapeto. Ng'ombeyo imadya.

Apa ndi pamene nkhani yagona. Kabokosi kalibe dishi, kalibe mlongoti. Chilichonse chimene kamaonetsa chimabwera pa intaneti, ndipo intaneti ya kwathu kuno imagulidwa ngati mafuta ophikira a m'timapepala, pang'onopang'ono. A Netflix eniake amanena kuti ola limodzi la kanema limadya pafupifupi 1 GB ngati zithunzi zili zapakatikati, ndipo likhoza kufika 3 GB ngati mukufuna kuona thukuta pamphumi pa wosewera. Mpira umodzi, pamodzi ndi nthawi yopuma, ndi maola awiri. Wa ku Joni uja poikamo zinthu anali pa Wi-Fi ya abwana ake yosatha ngati madzi a mu Shire, ndiye anasiya zonse pa mlingo wapamwamba. Kuno mayi amayatsa hotspot pa foni yawo, bandulo imene amayendera sabata yonse pa gulu la banki m'khonde ndi la kwaya, ndipo imatha Arsenal isanapite kokapuma. Mayi wina wogulitsa nsomba pafupi ndi mlatho wa Liwonde anati, “Ine ndalera ana asanu ndi mmodzi, koma mwana wadyera ngati ameneyu sindinamuonepo. Sakhuta, salira, amangozungulira.”

Kuzungulira kumene ankanenako ndi kagudumu kaja kamene kamabwera pakati pa sikirini netiweki ikafooka. Kalandira mayina ambiri. Ku Nkaya, kumene anthu anazolowera kudikira sitima, ena akuti ndi “sitima ikubwera.” Ana akuti “kakuganiza.” Mphunzitsi wina wopuma pantchito anati m'moyo wake wonse sanaonepo pulogalamu imene banja lake linaionera modekha ndi mogwirizana kuposa kagudumu kameneka.

Za magetsi sindichulutsa, mukuzidziwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi nyumba pafupifupi imodzi yokha pa khumi zilizonse imene inkawunikira magetsi a mawaya. Anthu a pa Liwonde ali ndi mwayi wachilendo: amaona magetsi ambiri a dziko lino akudutsa pa Kamuzu Barrage adakali madzi, akupita kukazungulitsa makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo miyezi yotsatirayo inatiphunzitsa tonse mtengo wa sola ndi batire. Choncho m'midzi yambiri kabokosi kamakhala pa mzere umodzi ndi mafoni asanu ndi atatu a anthu oyandikana nawo, kudikira kuti dzuwa la ku Balaka, limene silinakanepo ntchito, lidzaze batire.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi nkhani ya chingwe. Munthu akakupatsa mbuzi amakupatsa ndi chingwe chomwe. Kabokosika ayi. Mbuzi imabwera ku Machinga, chingwe chimatsala ku Joni. Akaunti inatsegulidwa ndi imelo ya wotumiza, pasiwedi ali m'mutu mwake, ndalama za pamwezi zimachoka pa khadi lake la ku banki. Tsiku limene ganyu wavuta, kapena iye wakwiya, sikirini ya kumudzi imadziwa msanga kuposa mayi ake omubereka.

Ndinamva za banja lina ku Ntaja kumene mkangano wa malire a munda wa mpunga unafika pa gulu la WhatsApp la banja. Mchimwene wa ku Cape Town sanayankhe kanthu. Madzulo ake TV inangofunsa pasiwedi. Panapita masiku anayi, ndipo amene anayamba kupepesa si akuluakulu amene anayambana, koma ana, amene anatumiza uthenga wa mawu onse pamodzi: “Ankolo, tikhululukireni.” Pasiwedi anabwera usiku womwewo. Mwinimbumba wa banjalo akuti anangopukusa mutu, n'kunena kuti milandu imene iye amaiweruza mwezi wathunthu pansi pa mtengo wa mango, kabokosi kaithetsa osayankhula.

Ngakhale popanda mkangano, chingwe chimakoka. Kuyambira mu 2023 Netflix inakhwimitsa zobwerekana pasiwedi pakati pa anthu osakhala nyumba imodzi. Ndiye nthawi zina TV imafuna nambala yachinsinsi imene yatumizidwa ku foni ya mwini akaunti. Mwini akauntiyo ali kuseri kwa kauntala m'sitolo ku Fordsburg, abwana salola foni pantchito. Kuno anthu khumi ndi awiri akhala pamphasa, akumufulasha mosinthana. Akamadzayankha, nambala ija yatha mphamvu, ndipo nsima yazizira.

Chingwechi chilinso ndi maso. Wotumiza amatha kuona zimene zaoneredwa, ndipo kabokosi kameneka sikadziwa kusunga chinsinsi: ukangokayatsa kamakufunsa ngati ukufuna kupitiriza pamene unalekezera. Mkulu wa mpingo wina, amene anauza mwana wake kuti iye angoonerapo maulaliki ndi nyimbo za kwaya, anapezeka kuti wafika gawo la 47 la sewero lina la ku India, la mkazi wozunzidwa ndi apongozi ake. Atafunsidwa anati ankafuna kudziwa zimene zikusokoneza mabanja masiku ano. Mayi a kunyumba anangowonjezera kuti pofufuzapo abambo amalira.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Sindikhulupirira kuti ankaganiza za pasiwedi, koma wa ku Joni aliyense amene watumiza kabokosi waika chinthu chenicheni: waika mpando wake pabalaza. Kale ankaimbiridwa foni pakagwa maliro kapena fizi ikafunika. Lero akuimbiridwa Loweruka lililonse nthawi ya mpira, ndipo ngakhale amadandaula, ndikukayika ngati zimamuipira. Mnyamata wina amene anabwera kudzadya Idi kwawo ku Nselema anandiuza kuti chiyambire kupita ku Joni, bambo ake sanayambe amufunsapo nzeru pa chilichonse. “Pano amandiimbira okha, n'kumati, ‘Bambo, ndidine pati?’ Amanditchula bambo!” Ankaseka, koma maso ake ankanena zina.

Tibwere ku mpira, poti kunena zoona timabokosi tambiri timatumizidwira mpira, makatuni a ana ndi chophimbira chabe. Kanema wa pa intaneti amachedwa. Amatsalira kumbuyo kwa dishi ndi wayilesi, nthawi zina ndi mphindi yathunthu. Pa Liwonde pali nyumba ina yoyandikana ndi shoo ya vidiyo yokhala ndi dishi. Eni kabokosi amakhala ali chete, mpira uli pakati pa bwalo, wosewera akumanga chingwe cha nsapato, kenako khoma limagwedezeka ndi phokoso la “Chigoliii!” kuchokera kuseri. Amatsala n'kungodikira kuti aone kuti chalowa mbali iti. Mwini nyumba, wa Manchester United, akuti anaphunzira kusiyanitsa mawu: likamveka liwu la wometa uja ndiye kuti zinthu zili bwino, likamveka la wowotcha tchipisi ndi bwino kungozimitsa.

Kuchedwa komweku kunabala mneneri. Bambo wina ku Balaka anatchuka kuti amaona za m'tsogolo. Amakhala kumbuyo, chipewa chaubweya chili kumutu ngakhale kukutentha kwa Okutobala, n'kunena modekha kuti, “Apa pabwera penate.” Penate n'kubweradi. Anamwa zoziziritsa kukhosi zaulere masabata atatu, mpaka mwana wina anamuvula chipewa posewera, n'kupezeka kachingwe ka m'khutu kolumikiza ku foni. Sanamumenye. Anamulamula kuti azigula bandulo mpaka ligi itatha.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale onyoza amavomereza. Temwa Chawinga atamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, atavala malaya a Kansas City Current, ambiri kuno tinkangomva pa wayilesi ndi kuona zithunzi pa Facebook. Nyumba za timabokosi zinkatha kufufuza zigolizo pa YouTube n'kuziona ndi maso, kubwereza kasanu. Atsikana ena a sekondale ku Liwonde akuti amadikira mabandulo otchipa a usiku, n'kudzuka tambala asanalire kuti aone iye ndi mkulu wake Tabitha. Mayi awo, amene poyamba ankati mpira ndi wa anyamata, tsopano ndi amene amawadzutsa.

Nanga rimoti agwire ndani? Kuno kwathu n'kwa chikamwini, ndiye funsoli si lamasewera. Kabokosi katumizidwa ndi mlongo wake wa mkazi, amene ndi malume a ana. TV anagula ndi mkamwini. Mayunitsi a magetsi amachokera m'mandasi a mayi. Mudzi ndi wa apongozi. Aliyense ali ndi mfundo yomveka, ndipo ndamva kuti nyumba ina inachita kugawa maola: m'mawa nkhani za abambo, masana makatuni, madzulo sewero la ku Nigeria, Lachisanu ndi Lamulungu zauzimu malinga ndi amene wabwera kudzacheza. Koma zoona zake n'zoti mfumu ya rimoti m'nyumba iliyonse ndi mwana wa sitandade 4. Ndi yekhayo amene amadziwa kubwerera pamene akuluakulu asochera. Akamutuma kumjigo, nyumba yonse imadikira.

Ufumu wa anawu uli ndi ngozi zake. Kwa Che Uje ku Machinga boma, mdzukulu anadina mpaka chilankhulo cha kabokosi chinasanduka Chiarabu, malemba n'kuyamba kuyenda kuchokera kumanja. Anaitana mnyamata wa ku madrasa. Anafika mwaulemu, n'kuwerenga zonse zimene zinali pa sikirini momveka bwino, mawu okoma ngati a pa Ijumaa. Atamufunsa kuti tsono tidine pati, anati kuwerenga amatha, koma mawu a za TV sanafike nawo. Anamupatsa tiyi ndi chigumu poti analibe mlandu. Anadzakonza ndi wa ku Joni yemweyo pa foni ya kanema, akuwerengetsa mizere: “Wachitatu kuchokera pansi. Ayi anganga, pansi penipeni.”

Achinyamata amene akudandaula za kagudumu sadziwa kumene tachokera. Nthawi yonse ya Kamuzu dziko lino linalibe wayilesi ya kanema. Television Malawi inayamba mu Epulo 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, mwana wa konkuno kwa Kapoloma, patangopita chaka chimodzi Balaka atapatuka ku Machinga n'kukhala boma palokha. Tchanelo chinali chimodzi, ndipo tinkachionera mpaka nyimbo ya fuko. Kenako ansembe a Montfort anatsegula Luntha TV pa Balaka pomwepa, kunabwera Kiliye Kiliye, GOtv ndi ena. Mkulu wina amene anagwirako ntchito m'migodi nthawi ya TEBA anamvetsera zonsezi pa tiyirumu ina ku Ulongwe, kenako anatsokomola. Anati iye pobwerera kwawo anabweretsa wayilesi ndi galamafoni. “Ndinapereka kwa apongozi, ndinapereka basi. Inkafuna mabatire okha. Inalibe pasiwedi. Ine nditabwerera ku mgodi, wayilesi sinandifunenso.” Wina anamufunsa ngati apongoziwo ankamulembera makalata. Anaganiza pang'ono n'kuti, “Ayi. Mwina chifukwa chake n'chomwecho.”

Ambiri amati timabokosi tinapeza khomo mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA. Zinachitika ligi ya ku England ili pafupi kuyamba, ndipo amuna amene sanalirepo pamaliro anaoneka akuyenda okhaokha m'mbali mwa njanji. DStv inadzabwerera khoti litagamula nkhaniyo kumapeto kwa chakacho, koma pofika pamenepo kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, ndipo achibale a ku Joni anali ataphunzira kale njira ina. Chaka chomwecho Starlink inalowa m'dziko muno. Pa Liwonde ndi pa Balaka mbale zake zoyera zayamba kuoneka pa madenga ena, ndipo anthu oyandikana ndi nyumba zoterozo akuti ayamba kupereka moni mwaulemu wodabwitsa.

Tisanamizane, si timabokosi tonse timene tili ndi mbiri yoyera. Tilipo toona, tolipira mwezi ndi mwezi. Tiliponso tija timalonjeza matchanelo zikwizikwi, mpira wa dziko lonse, osalipira kalikonse mpaka kalekale. Ameneyo ndi katundu wa eni wake wolowera pawindo. Malamulo athu a zokopera a 2016 salola, ndipo ku South Africa apolisi pamodzi ndi a MultiChoice akhala akugwira ogulitsa zoterezi. Akagwidwa wina ku Gauteng, sikirini imada ku Nayuchi. “Kalekale” uja amatha Lachiwiri masana popanda kutsanzika. Eni ake amanyamula kabokosi kupita nako kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika, amene amakatembenuza, n'kukanunkhiza pang'ono, n'kugamula kuti kakufuna apudeti. Apudeti ili ndi mtengo wake. Ikatha sabata, kamafunanso ina. Akatswiri a makompyuta amachenjezanso kuti timabokosi totchipa tosadziwika kochokera timabwera nthawi zina ndi mapulogalamu akuba obisika m'kati, koma nditanena zimenezi pa benchi ya wometa, wina anandiyankha kuti wakubayo akalowa mu akaunti yake amusiyireko kenakake.

Ndinkaganiza kuti eni mashoo a vidiyo ali ndi mantha. Ayi ndithu. Mmodzi pa Ntaja anandionetsa benchi zake zodzaza, jenereta ikulira kuseri. Anati kabokosi kali ndi mafilimu zikwi, inde, koma onse amayankhula Chingerezi. Ake amayankhula Chichewa, poti anyamata omasulira aja amalowetsamo mawu awo, msilikali wa ku China n'kumatukwana ngati wa pa depoti, n'kumaitanitsa nsima ya kondowole asanamenye adani. “Anthu safuna mafilimu ambiri,” anatero. “Amafuna filimu yowadziwa.”

Ndipo apa ndi pamene timabokosi tambiri tathera. Kumbali kwake kuli kabowo ka fulashi. Bandulo ikatha, pasiwedi akasowa, mwana amatumidwa kumsika kwa obena nyimbo ndi kandalama kochepa, n'kubwerako ndi fulashi yodzaza: mafilimu omasuliridwa, makwaya, kaswida, mavidiyo a malemu Lucius Banda ndi a Alleluya Band. Chipangizo chimene chinapangidwa ku China, n'kugulidwa ku Johannesburg, n'kuwoloka malire atatu kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete kuti chibweretse dziko lonse pabalaza, chikuonetsa oimba a pa Balaka kwa anthu a pa Balaka. Palibe akudandaula.

Anganga a ku Nsanama aja ndinakawaona. Kabokosi kali pamwamba pa kabati, pakati pa chithunzi cha mwana wawo ndi fulasiki ya alendo, kofunditsidwa kansalu koluka. Rimoti idakali m'pulasitiki yake. TV alibe, mwana analonjeza kuti ibwera ulendo wina transipota akadzatsitsa mtengo. Koma mdzukulu anakalumikiza ku batire ya sola, ndipo kamayaka kagetsi kakang'ono kobiriwira kamene usiku kamawathandiza kupeza machesi. Ndili pomwepo foni inalira, ya ku Joni.

“Anganga, kabokosi kaja kakugwira?”

“Kakugwira bwino kwabasi, mwanangu. Sikanazimepo.”

“Mukuonera chiyani masiku ano?”

Anganga anayang'ana kagetsi kaja, n'kuyang'ana ine, n'kukweza pang'ono wayilesi yawo yakale imene inali pamiyendo.

“Zambiri,” anatero. “Koma ukamatumiza china, utumize mabatire.”